Kusulana pa Zipangizo Zamakono: Njira Yoti Laputopu ndi Pulojekita Zifikedi M'kalasi

Sukulu ikalandira malaputopu, matabuleti kapena pulojekita, zimene zimatsatira n'zodziwika. Amaitana katswiri wa makompyuta, aphunzitsi onse amasonkhana tsiku limodzi kapena awiri, amawaonetsa mapulogalamu ambirimbiri motsatizana, kenako aliyense amabwerera ku choko chake. Teremu ikamatha zipangizo zija zimakhala zili m'kabati ya mphunzitsi wamkulu. Ena amati aphunzitsi amaopa zatsopano, koma nthawi zambiri vuto limakhala lakuti anawaonetsa chipangizo chili pachokha, popanda phunziro lenileni loti akachigwiritse ntchito Lolemba m'mawa. Dziko la Peru linagawa m'sukulu malaputopu oposa 800,000 kudzera mu ndondomeko ya One Laptop per Child, ndipo kafukufuku wa Inter-American Development Bank wa 2012 anapeza kuti ana anaphunziradi kugwiritsa ntchito makompyutawo, koma pa masamu ndi chiyankhulo zotsatira zawo sizinasinthe.

Malangizo awa ndi a inu mphunzitsi wamkulu, mkulu wa dipatimenti, kapena mphunzitsi amene anzanu akusankhani kuti muwatsogolere pa nkhaniyi. Njira yake ndi iyi: aphunzitsi ochepa atenge phunziro limodzi lovuta, asankhe chipangizo chimodzi, akonzere limodzi, mmodzi aphunzitse ena akuona, akambirane, n'kubwerezanso. Aphunzitsi a ku Japan akhala akusulana chonchi kwa zaka zambiri, makompyuta asanabwere n'komwe.

Gawo loyamba: pezani pamene ophunzira amavutika

Musayambe ndi funso lakuti "tichite chiyani ndi matabuletiwa?" Tengani mapepala a mayeso a teremu yatha, muone mafunso amene ophunzira ambiri analakwa, ndipo muone mmene analakwira. Mwina ambiri amaganiza kuti 1/8 ndi yaikulu kuposa 1/4 chifukwa 8 ndi wamkulu kuposa 4. Mwina amakhulupirira kuti babu loyamba pa waya "limadya" magetsi n'kusiyira lachiwiri ochepa. Lembani vutolo m'chiganizo chimodzi. Ngati silikukwana m'chiganizo chimodzi, ndiye kuti ndi lalikulu kwambiri, liduleni.

Kenako dzifunseni ngati chipangizo chingachite chimene choko ndi buku zikulephera. Chimathandiza kwambiri pa zinthu zitatu: kuonetsa zosaoneka ndi maso kapena zoyenda, monga magetsi mu waya ndi kuzungulira kwa dziko; kulola wophunzira kusintha chinthu n'kuona zotsatira nthawi yomweyo; ndiponso kudziwitsa mphunzitsi msanga amene wamva ndi amene sanamve. Kuika pa pulojekita manotsi omwe aja amene mukanalemba pa bolodi kuti ana akopere si kupita patsogolo ayi, n'kungoonjezera mawaya. Punya Mishra ndi Matthew Koehler anafotokoza mfundo imeneyi mu 2006 pa chimene chimatchedwa TPACK: kudziwa phunziro, kudziwa kaphunzitsidwe ndi kudziwa chipangizo ziyenera kukumana pa phunziro limodzi.

Gawo lachiwiri: gulu ndi nthawi

Gulu likhale la aphunzitsi atatu mpaka asanu a phunziro limodzi kapena makalasi oyandikana. Likakula kuposa pamenepo, amene amadziwa kale makompyuta ndi amene amagwira mausi, ena n'kumangoonerera. Nthawi yokumana ilowe pa ndandanda ya sukulu ngati phunziro lina lililonse: ola limodzi sabata iliyonse, tsiku lodziwika. Mukaisiya kuti "tidzakumana tikapeza mpata", simudzakumana.

Wotsogolera gulu asakhale amene amadziwa makompyuta kwambiri pokhapokha ngati amadziwanso kudekha. Pakhale lamulo limodzi losaphwanyidwa: amene akuthandiza mnzake asagwire kiyibodi. Afotokoze pakamwa, manja ali kumbuyo. Munthu amene wachitiridwa amathokoza, koma mawa lake sadziwa poyambira.

Gawo lachitatu: werengani zimene muli nazo

Lembani pa pepala limodzi: malaputopu angati akuyaka, batire ya iliyonse imatha pakapita mphindi zingati, pulojekita ili ndi polowera HDMI kapena VGA, makalasi ati ali ndi soketi yogwira ntchito, intaneti imafika m'kalasi kapena imathera mu ofesi. Yesani chilichonse, musangofunsa. Pepala limeneli ndi limene lidzakuuzani pulogalamu yoyenera.

Ngati m'kalasi mulibe intaneti yodalirika, sankhani zimene zimagwira ntchito popanda iyo. Zoyeserera za sayansi ndi masamu za PhET, zimene Carl Wieman anayambitsa ku University of Colorado Boulder mu 2002, n'zaulere, ndipo zambiri mungazikopere ngati fayilo imodzi imene imatseguka mu Chrome kapena Firefox popanda intaneti. GeoGebra imaikidwa pa kompyuta kapena pa foni, ndipo imathandiza pa magirafu ndi jiyometire. Kiwix imasunga Wikipedia m'mafayilo a ZIM oti muziwerenga intaneti palibe. Kolibri ya bungwe la Learning Equality imaikidwa pa kompyuta imodzi, ndipo matabuleti ena amailumikiza kudzera pa Wi-Fi ya m'chipinda momwemo. Google Forms ndi Kahoot, zofunsira ophunzira mafunso, zimafuna intaneti komanso zipangizo m'manja mwa ophunzira, choncho musazisankhe ngati muli ndi laputopu imodzi yokha.

Sankhani pulogalamu imodzi ya teremu yonse. Imodzi basi.

Gawo lachinayi: msonkhano wa mawaya

Maphunziro ambiri amaonongeka m'mphindi khumi zoyamba, mphunzitsi ali chogwada kuseli kwa tebulo kufufuza chifukwa chimene chithunzi sichikutulukira, kalasi ili phokoso. Choncho msonkhano woyamba ukhale wa mawaya okhaokha, ndipo uchitikire m'kalasi momwe phunziro lidzachitikire, nthawi yofanana ya tsiku, kuti muone mmene dzuwa limalowera.

Aliyense, mmodzimmodzi, atulutse zipangizo m'chikwama, alumikize, ayatse, aonetse chithunzi, azimitse, alongedze. Mnzake amutengere nthawi pa wotchi. Cholinga n'chakuti azimaliza kulumikiza pasanathe mphindi zisanu. Pochita zimenezi mudzakumana ndi mavuto awa.

Pulojekita ikalemba kuti No Signal, yambani ndi batani la Source kapena Input, musankhe polowera pamene waya walowa. Zikakanikabe, pa laputopu ya Windows dinani batani la Windows limodzi ndi P, musankhe Duplicate. Mukasankha Extend, pakhoma pamaoneka chithunzi chopanda kanthu pamene ntchito yanu ili pa laputopu, ndipo ambiri amaganiza kuti pulojekita yafa. Ngati laputopu ili ndi HDMI yokha koma pulojekita ili ndi VGA, mufunika adaputala yochokera ku HDMI kupita ku VGA. Zambiri zimagwira mbali imodzi yokha, choncho onetsetsani musanagule.

Mawu nawo amasokoneza. Waya wa VGA sunyamula mawu. Wa HDMI umanyamula, ndipo laputopu imatha kutumiza mawu ku kasipika ka pulojekita kamene sikamveka kumbuyo kwa kalasi. Dinani kachizindikiro ka sipika pansi kumanja, musankhe kumene mawu azitulukira, ndipo mnzanu akaime kumbuyo kuti amve.

Pulojekita ya babu musaizule pa soketi mutangozimitsa. Dikirani fani yake isiye kulira, chifukwa ndi imene ikuziziritsa babulo. Kuizula msanga kumafupikitsa moyo wa babu. Pukutaninso sefa ya fumbi kawirikawiri, chifukwa ikatsekeka pulojekita imatentha n'kuzima yokha phunziro lili mkati.

Pa zolemba, gwiritsani ntchito zilembo za saizi 28 kapena kuposa, zakuda pamalo oyera, mizere yosaposa isanu ndi umodzi pa tsamba. Muyeso weniweni ndi mnzanu amene wakhala pa desiki yomaliza: ngati akutsinzinira, kulitsani. Tchingani mawindo a kutsogolo okha, chifukwa ophunzira akufunika kuwala kuti alembe. Mu PowerPoint, F5 imayambitsa chionetsero, ndipo B imadetsa khoma lonse mpaka mutaidinanso. Batani limeneli ndi lofunika kuposa mmene limaonekera: pakhoma pakakhala chithunzi ana amayang'ana chithunzicho, ndiye mukafuna kuti akumvereni, detsani kaye.

Ngati mukuonetsa kuchokera pa foni yanu, tsekani mauthenga kapena ikani pa Airplane mode. Uthenga wa kunyumba ukatulukira pakhoma, phunziro lathera pomwepo.

Gawo lachisanu: lembani chikonzero limodzi

Apa m'pamene pagona ntchito, ndipo pamatenga misonkhano iwiri. Tiyeni titenge chitsanzo cha mababu, pogwiritsa ntchito Circuit Construction Kit: DC ya PhET (yoyeserera kulumikiza batire, mawaya ndi mababu pa kompyuta), laputopu imodzi ndi pulojekita, phunziro la mphindi 40.

Mphindi 5 zoyamba pulojekita ikhale yodetsedwa. Jambulani pa bolodi batire ndi babu limodzi, ndiponso batire ndi mababu awiri otsatizana pa waya umodzi. Funsani kuti: tikaonjezera babu lachiwiri, kuwala kukhala bwanji? A, onse awala ngati loyamba lija. B, onse awala mofooka mofanana. C, loyandikira batire liwala kuposa linzake. D, lachiwiri siliyaka. Aliyense alembe yankho lake m'kope ndi chifukwa chake, asanaone kalikonse. Mukadumpha pamenepa ana amangoonerera ngati kanema, ndipo amene anali ndi maganizo olakwika sazindikira n'komwe kuti anali nawo.

Mphindi 10 zotsatira, itanani wophunzira mmodzi adzamange yekha pa laputopu, anzake akumuuza pokokera waya. Pulogalamuyi imayamba ndi batire ya 9 V ndi babu la 10 ohms, choncho mita yoyezera magetsi oyenda mu waya idzawerenga 0.9 A (ma ampere) pa babu limodzi. Akaonjezera lachiwiri motsatizana idzawerenga 0.45 A, mababu onse atafooka mofanana. Uzani wina asunthe mita aiike babu loyamba lisanafike, pakati pa mababu, ndi kutsogolo kwa lachiwiri. Paliponse idzawerenga 0.45 A, ndipo amene anasankha C adzaona okha kuti magetsi sakuchepa panjira.

Mphindi 10 zina, detsani khoma, akambirane awiriawiri n'kukonza zimene analemba. Kenako bwerezani ndi mababu awiri olumikizidwa aliyense pa nthambi yake: alosere kaye, aone kuti lililonse likuwala ngati babu limodzi lija ndipo batire ikutulutsa 1.8 A, kenako achotse babu limodzi aone linzake likuyakabe. Mphindi 5 zomaliza, funso limodzi latsopano pa kapepala, aliyense apereke potuluka.

Dziwiranitu kuti wina adzalumikiza waya kuchokera mbali imodzi ya batire kupita mbali ina popanda babu, ndipo pakhoma batire idzayaka moto. Kalasi idzaseka. Lembani m'chikonzero zimene mudzanene nthawi imeneyo, chifukwa ndi mpata wabwino wofotokozera kuopsa kwa mawaya ogundana.

Chikonzero chilichonse chikhale ndi danga la "zikakanika". Magetsi akathima, mutembenuza laputopu kuti magulu azibwera kudzaona mosinthana? Muli ndi zithunzi zitatu zosindikiza kapena zojambula pa tchati? Gwirizananinso malire: chipangizo chikakanika kwa mphindi zitatu, chisiyeni mupitirize ndi njira inayo. Mphunzitsi amene akudziwa kuti ali ndi pothawira saopa kuyesa.

Kudziwa amene wamva

Kufunsa kuti "mwamva?" kumabweretsa yankho limodzi lokha. Ngati muli ndi foni ya kamera ndi intaneti, Plickers imathandiza ana opanda zipangizo. Aliyense amalandira khadi la pepala lokhala ndi chizindikiro chakechake, mbali zake zinayi zikuimira A, B, C ndi D. Amakweza khadi mbali imene wasankha ili pamwamba, inu n'kuyendetsa kamera m'kalasi, mayankho n'kuwerengeka. Makhadi amafika 63, choncho kalasi ikaposa pamenepo awiri agawane khadi limodzi. Asindikizeni pa pepala loyera losanyezimira, chifukwa pulasitiki yonyezimira imabweza kuwala ndipo kamera imalephera kuwerenga. Uzaninso ana asaphimbe chizindikiro ndi zala.

Chofunika kuchiphunzira pagulu ndi chochita ndi mayankhowo. Njira imene Eric Mazur wa ku Harvard anafalitsa imapereka muyeso wosavuta: olondola akachepera pa 30 peresenti, fotokozaninso mwanjira ina, akakhala pakati pa 30 ndi 70, musaulule yankho, akambirane ndi oyandikana nawo n'kuvotanso, akaposa 70, fotokozani mwachidule mupitirire. Intaneti ikakhala palibe, mapepala anayi olembedwa A, B, C, D ndi maso anu zimagwira ntchito yomweyi.

Gawo lachisanu ndi chimodzi: yeserani, kenako phunzitsani anzanu akuona

Musanapite kwa ana, amene adzaphunzitse ayesere phunziro lonse pa anzake kwa mphindi 20, iwo akhale ngati ophunzira ndipo azipereka mayankho olakwika amene ana amapereka. Pamenepa m'pamene mumatulukira kuti fayilo ili pa fulashi ya munthu wina, kapena kuti manambala a pa mita ndi aang'ono ndipo pafunika kudina Ctrl ndi + kuti akule.

Tsiku la phunziro, oonerera asamayang'ane mphunzitsi kwambiri. Sankhiranitu ophunzira atatu, wochita bwino, wapakati ndi wovutika, ndipo woonerera aliyense akhale pafupi ndi mmodzi. Alembe zimene waona ndi nthawi yake: analosera chiyani, ananena chiyani kwa mnzake, anasintha maganizo pa mphindi iti. Wina alembe kuti kulumikiza kunatenga mphindi zingati, ndi ana angati anagwira laputopu, atsikana angati, anyamata angati. Kawerengedwe kameneka kamadabwitsa, chifukwa mukangofunsa kuti "ndani abwere?" amathamangira ndi omwe aja amene anazolowera kale foni kunyumba.

Ngati palibe amene angapezeke kudzaonerera, jambulani vidiyo. Ikani foni pamalo okhazikika kumbuyo chakumbali, yopingasa, pa 720p kuti fayilo isakule kwambiri, ndipo jambulani mphindi 10 mpaka 15 za gawo limene mwagwirizana. Pemphani chilolezo motsatira malamulo a sukulu, ndipo vidiyo yokhala ndi nkhope za ana isatumizidwe pa gulu la WhatsApp kapena pa Facebook. Ionereni limodzi pa laputopu imodzi, mukatha muifufute.

Gawo lachisanu ndi chiwiri: kambiranani tsiku lomwelo

Mphindi 30 n'zokwanira. Amene anaphunzitsa ayambe kuyankhula, kwa mphindi zisanu, wina asamudule. Kenako oonerera anene zimene anaona, mwachitsanzo: "wophunzira wanga anasankha C, ndipo mita itawerenga 0.45 pakati pa mababu anafufuta n'kulemba B, koma chifukwa chake sanachisinthe." Mawu ngati "munaphunzitsa bwino kwambiri" sathandiza aliyense. Yalani timapepala ta potuluka tija pa tebulo, mutigawe m'milu itatu: amene amva, amene atsala pang'ono, amene sanamve. Gwirizanani kusintha chinthu chimodzi kapena ziwiri, kenako mphunzitsi wina aphunzitse chikonzero chokonzedwacho m'kalasi ina sabata yotsatira.

Kwa inu aphunzitsi aakulu: zimene zanenedwa m'chipindachi zisalowe m'fayilo yoyesera ntchito ya munthu. Aphunzitsi akangodziwa kuti kuonererana kumakhudza kukwezedwa, amasiya kuyesa zovuta n'kuyamba kuonetsa maphunziro okongola amene ana anawaphunzira kale. Chikonzero chinalembedwa ndi gulu, choncho chikalephera chalephera cha gulu.

Kuzungulira kamodzi kumatenga masabata anayi kapena asanu. Pa teremu mungathe kawiri, mwina katatu. Zimaoneka zochedwa, koma mmene chaka chikutha gulu limakhala ndi maphunziro asanu ndi limodzi kapena kuposa amene anayesedwa pa ana enieni, ndiponso aphunzitsi amene aliyense angayambitse gulu lina.

Kusunga ndi kuteteza

Sungani chikonzero, fayilo ya pulogalamu ndi mafunso mu foda imodzi, dzina lake likhale ndi kalasi, phunziro, mutu ndi chaka. Ikhale m'malo awiri, pa kompyuta ya sukulu ndi pa Google Drive kapena pa diski ina. Fulashi imene imayenda m'makompyuta ambiri imatola mavairasi, makamaka aja obisa mafoda n'kusiya ma shortcut, choncho iyezeni ndi antivirus musanaitsegule. Aliyense akhale ndi pasiwedi yakeyake, ndipo mayina ndi malikisi a ana asasungidwe pa laputopu imene ana amagwira. Tsamba lililonse la pa intaneti ndi vidiyo iliyonse ya pa YouTube muionere nokha mpaka kumapeto musanaionetse.

Mapulogalamu ngati ChatGPT angakuthandizeni kulemba mafunso ndi mayankho olakwika oti ana asankhepo, koma amatha kulakwitsa molimba mtima, makamaka pa masamu ndi pa zaka. Funso lililonse liwerengedwe ndi aphunzitsi awiri ndipo lifanizidwe ndi silabasi. Musalembemo dzina kapena mbiri ya mwana.

Kudziwa ngati mukupita patsogolo

Chiwerengero cha satifiketi kapena cha misonkhano sichinena zambiri. Yang'anani zinthu zitatu kumapeto kwa teremu: buku lobwerekera zipangizo likusonyeza aphunzitsi angati osiyanasiyana, mphindi zotayika polumikiza zatsika kufika pati, ndipo funso lija limene munayambira, mukalifunsa mwanjira ina patapita mwezi, ndi ophunzira angati akulikhoza. Ndondomeko ya UNESCO ya luso la aphunzitsi pa zipangizo zamakono, imene inakonzedwanso mu 2018, imaika makwerero atatu: kudziwa kugwiritsa ntchito, kuzamitsa kumvetsa kwa ophunzira, ndi kupanga zatsopano. Mphunzitsi aliyense anene pamene ali, asankhe chinthu chimodzi cha teremu ikubwerayi, ndipo chilembedwe pa pepala la gulu pamodzi ndi tsiku limene anzake adzabwere kudzaonerera.